Anzanga akupita ku maphunziro, ine ndikungopukuta fumbi

Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri ndipo ndimagwira ntchito palaibulale ina yaing'ono kuno kumbali ya Chintheche. Ndidalowa ntchitoyi ndi setifiketi ya MSCE yokha. Zina zonse ndidaphunzirira pomwepo: kulemba mabuku m'kaundula, kuwasanja m'mashelefu, kumata ong'ambika ndi kulondola ana asukulu obwereka osabweza. Dzinja likafika ndimakhalira kulimbana ndi chinyezi komanso chiswe.

Chondiwawa n'chakuti kalata yoitanira anthu ku maphunziro ku Mzuzu kapena ku Lilongwe ikabwera, opita amakhala abwana, apo ayi mtsikana wina amene wabwera posachedwapa ndi dipuloma. Mtsikanayo ndidamuonetsa ntchito ndine, koma lero ndiye akundiuza zochita. Makompyuta atabwera, ine adandiuza kuti ndisamawagwire. Bambo a kunyumba akuti ndingosiya, ndiyambe geni ya usipa, poti malipiro anga sakwera. Ntchitoyi ndimaikonda, koma ndatopa. Kodi ndisiye?

Wokhumudwa, Chintheche

Mwana wanga,

Pepa, zoterezi zimapwetekadi. Koma usasiye, ndipo ndikuuze mosabisa mawu: chimene ukulirira n'chaching'ono. Misonkhano ya masiku awiri kapena atatu kuhotela imapatsa munthu alawansi ndi nzeru pang'ono, koma siikweza munthu pantchito. Mtsikanayo wakuposa ndi pepala. Tsono mtima wako uuike pa pepalalo.

Njira zilipo, ndipo sizili kutali. Bungwe la anthu ogwira ntchito m'malaibulale la Malawi Library Association, lomwe ambiri amangoti MALA, lidayamba mu 1976 ndipo lakhala likuphunzitsa kosi ya setifiketi kwa anthu onga iwe, amene ali kale pantchito koma alibe pepala. Kumeneko amaphunzitsa zimene iwe umazichita ndi manja osadziwa maina ake, monga kusanja mabuku motsatira manambala a Dewey ndi kulemba katalogi. Ukamaliza apo, Mzuzu University ku Luwinga yakhala ikuphunzitsa za malaibulale kuyambira mu 2003, ndipo anthu amatulukako ndi dipuloma kapena digiri. Ukakwera minibasi m'mawa pa Chintheche, kudutsa pa Mpamba, ku Luwinga ufika dzuwa lisanafike paliwombo. Pita wekha ukafunse za fizi, nthawi yolembetsa ndi njira yolowera ya anthu apantchito. Safunsa adadya phula.

Usanapite, tulutsa setifiketi yako m'sutukesi uione bwino. Kuyunivesite amafuna makirediti 6, kuphatikizapo Chingerezi. Ngati sakukwana, usachite manyazi kubwereza maphunziro osowawo kusukulu yamadzulo. Amayi anzako ambiri adatero ndipo ana awo sadawaseke.

Podikira ndalama za fizi, foni yakoyo igwire ntchito. Bungwe la AfLIA, lomwe likulu lake lili ku Accra m'dziko la Ghana, limaphunzitsa anthu a m'malaibulale a mu Africa kudzera pa intaneti. Ukapita ku Mzuzu, dutsanso kunthambi ya National Library Service, bungwe la boma lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1967, ukadziwane ndi ogwira ntchito kumeneko n'kuwasiyira nambala yako. Dziwananso ndi anzako a m'malaibulale ena a m'mbali mwa nyanja, monga ya Ripple Africa ku Mwaya ndi ya Temwa ku Usisya. Nkhani za maphunziro zimayenda pakati pa anthu odziwana.

Za abwana, kodi udawauzapo kuti ukufuna kupita, kapena umangodandaulira kukhitchini kwanu? Alembere kalata yaulemu, ndipo kope lake usunge. M'kalatamo usatchule za mtsikanayo. Lemba zimene wachita: anthu angati amabwera kudzawerenga pamwezi, mabuku angati wawamata, angati wawalanditsa ku chiswe. Kaundula wako ali nazo zonsezi. Kenaka upemphe zinthu ziwiri: kuti opita ku maphunziro azisinthana, komanso kuti amene wapita azidzaphunzitsa otsala akabwerako. Pempho lolembedwa ndi lovuta kuliiwala, ndipo komiti yoyang'anira laibulale ikadzafunsa, udzakhala ndi choonetsa.

Mtsikanayo usamuone ngati mdani. Iye amadziwa kompyuta, iwe umadziwa anthu. Umadziwa mwana wa msodzi amene amasowa nyanja ikakhala ndi usipa, umadziwa kulankhula ndi agogo m'Chitonga kuti buku libwerere, umadziwa shelefu yomwe imanyowa mvula ikawomba kuchokera kunyanja. Mpemphe kuti pakakhala popanda anthu azikuonetsa kulowetsa mabuku m'kompyuta, iwe uzimuthandiza kwa anthu a m'mudzi. Ukatsitsa mtima, n'kutheka kuti naye wakhala akuopa kukufunsa.

Bambo a kunyumba sakulakwa kuganiza za ndalama, pakuti ana amadya tsiku lililonse. Khala nawo pansi utapeza kale mitengo yeniyeni ya fizi, osati ndi misozi yokha. Awuze kuti usipa uli ndi nyengo yake, mwera ukaomba asodzi salowa panyanja, pomwe malipiro a pamwezi, ngakhale ochepa, amabwera. Geniyo mutha kuiyamba limodzi kumapeto a sabata, phindu lake n'kumaponya ku banki mkhonde kuti lidzakhale fizi yako.

Ukachita zonsezi abwana n'kumakutsekerezabe, pepala ukadzalipeza ndi lako, ndipo malaibulale a m'sukulu, m'makoleji ndi m'mabungwe amafuna anthu ophunzira. Lemba kalatayo sabata ino, ndipo udzandiuze zimene ayankha.

Azakhali