Laputopu yanga ikutsamwa ndi mawu a makiyibodi akale

FUNSO

Ndimayimba kiyibodi m'kwaya ya mpingo wathu kuno ku Domasi, chakufupi ndi msika wa Songani. Ndinagula laputopu yakale, Core i3, RAM yake 4 GB, ndipo ndayamba kujambula nyimbo za kwaya yathu pa FL Studio. Ndikufuna piyano ija yolira ngati tibelu imene tinkamva m'makaseti tili ana, komanso besi yonenepa. Mnzanga wa ku Zomba m'tauni anandiyikira pulogalamu yotsanzira zida zakale za analogi. Ikumvekadi bwino, koma ndikangogwira makodi angapo mawu amathetheka ndi kuduka, fani n'kumangolira. Magetsi akazima ndiye zimanyanya. Kodi mapulogalamu aulere monga Dexed ndi achabechabe? Kapena ndigulitse mbuzi ndigule kompyuta ina?

Woyimba kiyibodi, Domasi

YANKHO

Achimwene, mbuziyo ikhale kaye m'khola. Mwapempha mawu a mitundu iwiri, ochokera ku zida za mitundu iwirinso, ndipo kulemera kwake pa kompyuta n'kosiyana kwambiri.

Tiyambe ndi piyano ya tibeluyo. Mawu amenewo anatchuka ndi Yamaha DX7, kiyibodi imene inatuluka mu 1983, makamaka mawu ake otchedwa E.PIANO 1, amene anadzaza nyimbo zachikondi ndi zauzimu za zaka za m'ma 1980. DX7 sinali ya analogi. Inkapanga mawu powerengetsa manambala, mwa njira ya FM imene John Chowning anatulukira pa yunivesite ya Stanford. Choncho kompyuta ikamatsanzira DX7 imangobwereza masamu omwewo, ndipo masamu amene kachipangizo ka mu 1983 kankakwanitsa sangatopetse Core i3 yanu. N'chifukwa chake ndikukuuzani mosakayika kuti Dexed, imene imatsanzira DX7, si yachabechabe. Ndi yaulere, ndi yopepuka, ndipo imatsegula mafayilo enieni a mawu a DX7. Alipo ena ogula, DX7 V ya Arturia ndi FM8 ya Native Instruments, amene ali ndi zowonjezera zambiri, koma pa piyano imene mukufunayo sindikuona chifukwa chotulutsira ndalama.

Ambiri akatsegula Dexed amakhumudwa kuti mawu ake ndi ouma. DX7 yeniyeniyo inalinso youma. Kufewa kumene tinkamva m'makaseti kunkabwera ndi chorus ndi reverb zimene ankaonjezera mu situdiyo. Ikani ziwirizi pang'ono, mumvenso. Korg M1 ya mu 1988, yotchuka ndi piyano yake yolimba ndi ogani, nkhani yake ndi yomweyo: inali ya manambala, Korg eni ake anayisandutsa pulogalamu, ndipo siyolemera.

Besi yonenepa ndiyo ya banja lina. Minimoog ya mu 1970, OB-X ya Oberheim ya mu 1979 ndi Juno-60 ya Roland ya mu 1982 zinkaumba mawu podutsitsa magetsi m'timawaya ndi tizipangizo, ndipo kukoma kwake kuli m'kupotoka pang'ono kwa magetsiwo akamadutsa mu sefa yotchedwa filter. Kuti kompyuta itsanzire kupotoka kumeneku imayenera kuwerengetsa kambirimbiri pa sekondi, pa noti iliyonse payokha. Simunanditchulire dzina la pulogalamu yanu, koma titenge Diva ya u-he, imene akatswiri ambiri amayitama. Inapangidwa dala kuti idye mphamvu zambiri pofuna kulondola, ndipo eni ake anayikamo masitepe anayi a ubwino wa mawu: draft, fast, great ndi divine. Mukagwira kodi ya manoti anayi, kenako ina manoti oyamba asanazilale, kompyuta imakhala ikusenza manoti asanu ndi atatu nthawi imodzi. Kuthetheka kumayambira pamenepo.

Tsono taonani mwayi wanu. Minimoog inkayimba noti imodzi basi nthawi iliyonse, ndipo besi imafunanso noti imodzi. Pulogalamu yolemerayo ipatseni besi yokha, muyiike pa mono. Makodi otambalala apatseni zopepuka. TAL-U-NO-LX ndi yogula, imatsanzira Juno-60, ndipo siyivutitsa kompyuta. Synth1 ya Ichiro Toda wa ku Japan ndi yaulere ndipo inapangidwa nthawi imene makompyuta anali ofooka kuposa yanuyo. Ikalira yokha, pafupi ndi Diva, mudzamva kuti ndi yopyapyala, zimenezo sindibisa. Koma inu mukujambula kwaya. Pamwamba pa makodiwo padzakhala soprano, alto, tenor ndi bass, ndipo kiyibodi yonenepa kwambiri imaphimba mawu a anthu, mpaka mumayamba kuyidula nokha kuti uthenga umveke.

Musangokhulupirira ine kapena mnzanuyo. Tengani korasi imodzi, muyijambule ndi mapulogalamu awiri, ndipo mukweze mawu mofanana ndendende, chifukwa khutu limakonda chimene chakwera. Mnzanu wa m'kwaya aziyimbe mosinthasintha osakuuzani kuti iyi ndi iti. Mumvere pa foni ndi pa kasipika kakang'ono, poti ndi momwe anthu a ku Malosa ndi ku Songani adzamverere nyimboyo ikafika pa WhatsApp. Nthawi yomweyo muziyang'ana nambala ya CPU pamwamba pa FL Studio. Ngati simungasiyanitse, tengani yopepukayo.

Pali zina zoti mukonze lero lomwe. Mu Audio settings sankhani FL Studio ASIO kapena ASIO4ALL, muone buffer. Pa 44,100 Hz, buffer ya 256 imachedwetsa mawu pafupifupi mamilisekondi 6, zimene zala sizidandaula nazo poyimba. Ya 1,024 imachedwetsa pafupifupi 23 koma imapatsa kompyuta mpata wopuma. Yaing'onoyo ndi ya poyimba, yaikuluyo ndi ya posakaniza. Mukakhutira ndi besi, isandutseni fayilo ya WAV n'kuzimitsa pulogalamu yake. Posandutsapo, ngati pulogalamuyo ndi Diva, mukhoza kuyikweza mpaka divine, chifukwa potulutsa fayilo kompyuta siyithamangitsidwa, imangotenga nthawi. Reverb ikhale imodzi yogawana zida zonse, osati chida chilichonse ndi yake.

Za magetsi: laputopu ikakhala pa batire, Windows imachepetsa liwiro la purosesa kuti batire ikhalitse. Sinthani zimenezi mu Power options, podziwa kuti batire idzatha msanga, kapena ntchito yolemera muziyisungira nthawi imene magetsi alipo. Kutentha kwa mu Okutobala m'chigwa chanucho kumachitanso chimodzimodzi, purosesa ikatentha imadzichepetsa yokha. Laputopuyo musayiike pa bedi kapena pa mphasa. Ikwezeni kuti mpweya uzidutsa pansi, ndipo wokonza makompyuta achotse fumbi mu fani. Kuonjezera RAM kufika 8 GB kudzathandiza Windows ndi mawu ojambula a kwaya, koma kuthetheka kwa mapulogalamu a analogi n'kwa purosesa, osati RAM.

Funsaninso mnzanu wa ku Zomba uja kumene anatenga pulogalamu yotsanzira analogi ija. Zina zoyesera, kuphatikizapo za u-he, zimathetheka dala apo ndi apo mpaka mutalipira, ndiye mwina vuto lina si laputopu n'komwe. Ngati ndi yokuba ya pa flash, ichotseni. Zotere zimabwera ndi mavairasi amene amadya purosesa mwakabisira, ndipo zingakutayitseni ntchito yonse ya kwaya. Dexed ndi Synth1 ndi mafayilo ang'onoang'ono. Bandulo yochepa ikwana kuzikopera pa masamba a eni ake.