ZA NYUMBA YA ANA OTAYIKA YA KU LONDON

Abale, mwezi uno tiphunzira za nyumba ina ya ku London, m'dziko la England, imene inamangidwa cifukwa ca akazi osowa pogwira ndi makanda ao.

Masiku ajawo mkazi wopatsidwa pathupi nakanidwa ndi mwamuna, kapena wamasiye wosauka, analibe kolowera, pakuti m'mudzi waukuru wotere mulibe agogo kapena amalume olandira mwana monga ticita kuno. Makanda ambiri anasiyidwa m'mbali mwa miseu, nafa ndi cisanu. Thomas Coram, kapitao wa ngalawa za panyanja, amene iye mwini analibe mwana, anaona zimenezi namva cisoni. Zaka 17 anayenda makomo a akuru kupempha cilolezo ca kumanga nyumba, koma anamkana, nati nyumba yotere idzangocurukitsa cigololo. Oyamba kumbvomereza anali akazi omveka 21, amene anayamba kulemba maina ao pa kalata wace m'caka ca 1729. Ndipo amuna ao anatsata pambuyo. Mfumu George II inalola m'caka ca 1739, ndipo pa 25 March 1741 nyumba ya Foundling Hospital inalandira makanda 30 oyamba.

Malo anacepa, amai anacuruka. Potero anayamba kucita maere. Mai ali yense anapisa dzanja m'thumba natulutsa kampira. Koyera kanatanthauza kuti mwana alowa ngati alibe nthenda, kofiira kuti alindire, kakuda kuti abwerere naye. Taganizani mkazi wakubwerera usiku ndi khanda lace cifukwa ca kampira kakuda!

Mwana akalowa anambatiza nampatsa dzina latsopano, ndipo la amace linaleka kumveka. Awiri oyamba anachedwa Thomas Coram ndi Eunice Coram, maina a kapitao uja ndi mkazi wace. Nanga mai akapeza bwino adzamzindikira bwanji mwana wace? Cifukwa cace amai anasiya cizindikiro: wina ndalama yobooleza, wina batani, wina mkanda, wina mtedza umodzi, ndipo ambiri kansalu kodula ku cobvala, nasunga cidutswa cinzace. Alembi anazisunga pamodzi ndi kalata wa mwanayo. Ife tikati tilingalire tinthu timeneti, sitikhoza kunena monga ananena akuru aja, kuti akaziwa anali otaya ana mwadala. Munthu wosafuna kubweranso sadula nsalu yace pakati. Koma amene anakhozadi kubwera kudzaombola ana ao anali owerengeka okha.

M'caka ca 1756 Nyumba ya Malamulo inapereka mapaundi 10,000, nilamula kuti khanda liri lonse lilandiridwe, ndipo anapacika mtanga pacipata. Cinaoneka cifundo, koma cinabala maliro. Anthu adyera anayamba kulipitsa amai a kutali kuti awanyamulire ana ao kunka ku London, ndipo ena anafera panjira. Kufikira 1760 analowa ana ngati 15,000, ndipo awiri mwa atatu ali onse anamwalira. Pamenepo Boma linaleka lamulolo.

Cina cowawa ndi ici. Makanda anatumizidwa kumidzi kwa akazi oyamwitsa, nakula komweko ndi kuwayesa amai ao. Pofika zaka ngati zisanu anawacotsa nawabweza ku London kukaphunzira, kufikira anyamata anapita kukaphunzira nchito za manja kapena za panyanja, ndi asungwana kukatumikira m'nyumba za eni cuma. Cakudya anali naco, zobvala anali nazo, koma mwana anataya amace kawiri.

Mwambo umenewu unakhala zaka zoposa 200. Ana anasamutsidwa ku London m'caka ca 1926, ndipo m'caka ca 1954 analeka konse kusunga ana m'cinyumba cimodzi, nawapereka ku mabanja. Onse amene analeredwa cotero anali ngati 25,000. Bungweli likalipo, ndipo dzina lace tsopano ndi Coram. Nchito yace ndiyo kupezera ana makolo owalera, kuthandiza mabanja obvutika, ndi kuimira ana pa milandu. Zizindikiro zija zosaomboledwa, mabatani ndi ndalama zobooleza, aziika poonekera m'nyumba ya Foundling Museum, imene inatsegulidwa m'caka ca 2004 pafupi ndi malo akale aja.