Makalata Anu: Kodi Chitsulo Chimalumikiza Fupa?

Wowulutsa: Adokotala, kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Ntcheu. Akuti amuna awo anachita ngozi pa njinga ya kabaza n'kuthyoka ntchafu. Anawaika chitsulo, koma patha miyezi iwiri akuyendabe ndi ndodo. Kodi opaleshoniyo inakanika?

Dokotala: Mayi, mtima m'malo. Chitsulo sichilumikiza fupa, ntchito yake n'kuligwira kuti lisasunthe. Kulumikizako limachita ndi thupi. Pothyokapo magazi amayamba aundana, kenako pamamera chichereŵechereŵe chomwe chimanka chiuma mpaka kusanduka fupa. Ntchafu ya munthu wamkulu imafuna miyezi 3 mpaka 6, ndiye bambowo akadali m'njira.

Chimene opaleshoni imatipatsa n'chakuti zidutswa zimabwerera pamzere, mwendo sufupika kapena kukhota, ndipo wodwala amadzuka m'masiku ochepa. Amene munadwazikapo munthu wokokedwa mwendo mukudziwa: masabata 6 kapena kuposa ali chagada, cholemera chikulendewera kumapazi kwa bedi, bondo likuuma, kumsana kukutuluka zilonda. N'chifukwa chake m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ntchafu amakonda kuilowetsa chitsulo chachitali m'kati mwa fupa.

Koma ngati bambowo amasuta, auzeni aleke. Fodya amachepetsa magazi opita pafupa, ndipo mwina lingakane kulumikizana.

Wowulutsa: Yachiwiri ndi ya agogo a ku Mangochi. Mdzukulu wawo wa zaka 7 anagwa mumtengo wa mango n'kuthyoka mkono, koma anangomuika chikhakha. Akuti, "Kodi anatinyalanyaza chifukwa ndife osauka?"

Dokotala: Ayi agogo, ine ndikadachitanso chomwecho. Fupa la mwana limalumikizana msanga, ndipo likakhota pang'ono limadziwongola lokha mwana akamakula. Mpeni nawo uli ndi mtengo wake: tikang'amba timadula timitsempha todyetsa fupa, komanso timatsegulira majeremusi khomo. Mafinya akalowa m'fupa lomwe muli chitsulo, kuwachotsa ndi nkhondo ya miyezi.

Timang'amba pamene kuthyokako kwafika polumikizira mafupa, zidutswa zatalikirana, kapena fupa laboola khungu. Izi zomalizazi musagone nazo kunyumba, ndipo pabalapo musapakepo mankhwala azitsamba.

Mdzukuluyo muzimuyang'ana zala. Zikatupa, kuzizira kapena kuchita dzanzi, chikhakhacho chathina, bwererani naye kuchipatala tsiku lomwelo.