Phunziro: Mmene kompyuta imasinthira mawu olakwika

Alimi ambiri a fodya a kwa Mwase ku Kasungu ali m'makalabu, ndipo fodya wa ambiri amakagulitsidwa ku msika wa Chinkhoma. Tiyerekeze kuti mlembi wa kalabu walemba lipoti lalitali pa kompyuta, koma paliponse walemba "bale" m'malo mwa "belo". Kodi akonze mawu amodziamodzi mpaka dzuwa kulowa? Ayi. Kompyuta imatha kusaka mawuwo n'kuwasintha yokha.

Akatswiri olemba mapulogalamu amailembera malangizo otchedwa function. Malangizowa amafuna zinthu zitatu: lipoti lonse, mawu ochotsa, ndi mawu olowa m'malo mwake.

Kompyuta siimva Chichewa. Imangoona zilembo zondondozana ngati mbande pa mzere, ndipo mpata wa pakati pa mawu imauwerenganso ngati chilembo. Imayambira kumanzere n'kuyang'ana zilembo zinayi zoyamba. Kodi ndi b, a, l, e? Ngati si zimenezo, imasunga chilembo choyamba mmene chilili n'kusendera kutsogolo chilembo chimodzi, n'kuyang'ananso zinayi. Ikapeza kuti zonse zinayi zafanana, imalemba "belo", n'kudumpha zinayi zakalezo, n'kupitiriza mpaka kumapeto.

Apa m'pofunika kusamala kwambiri. Lipoti lija linayamba ndi moni wakuti "Abale ndi alongo". M'kati mwa "Abale" muli b, a, l, e. Kompyuta idzalemba "Abelo ndi alongo"! Mbale zimene kalabu inagula zidzasanduka "mbelo". Apa kompyuta siinalakwe, yangochita zimene yauzidwa.

Kuti mupewe vutoli mu Microsoft Word, dinani Ctrl ndi H pamodzi. Pa bokosi la Find what lembani "bale", pa Replace with lembani "belo". Kenako dinani More, musankhe Find whole words only. Mukatero idzasintha "bale" yekhayo woima payekha, abale anu n'kuwasiya. Mu Excel muli function yotchedwa SUBSTITUTE, koma iyo imasiyanitsa chilembo chachikulu ndi chaching'ono, choncho "Bale" woyamba ndi B wamkulu idzamudutsa.

Inu ophunzira, musathamangire Replace All, imene imasintha zonse nthawi imodzi. Yambani ndi Replace, muziona malo aliwonse ndi maso anu. Zikasokonekera, dinani Ctrl ndi Z kuti zibwerere mwakale, ndipo muwerengenso lipoti lonse musanapite nalo ku msonkhano wa kalabu.