Moto ndi Nkhalango za pa Nyika

Kumpoto kwa Lundazi, pa malire a Zambia ndi Malawi, pali phiri lalikulu la Nyika. Pamwamba pake mpa udzu wokhawokha, koma m'zigwa ndi m'magwero a mitsinje muli timagulu ta nkhalango yowirira. Mbali ya Zambia, imene boma linaipatula kukhala malo osungira nyama m'caka ca 1972, ili ndi nkhalango ziwiri zodziwika, Chowo ndi Manyenjere.

Kale akatswiri ambiri anali kuganiza kuti phiri lonseli linali nkhalango, ndi kuti anthu ndiwo anaitha. Cinawaganizitsa cotero ndi ng'anjo zakale zosungunulira citsulo zimene zimapezeka kumeneko, pakuti ng'anjo imadya makala ambiri.

Koma m'caka ca 1984 katswiri wina, Michael Meadows, analengeza zimene anapeza atakumba matope a m'madambo a pa Nyika. Mungu wa maluwa ukagwera m'matope otere suola msanga; wa pansi ndiwo wakale, wa pamwamba ndiwo watsopano. Poupima, anaona kuti udzu unali wocuruka paphiripo kwa zaka monga 12,000. Udzuwo sunabwere ndi nkhwangwa ai.

Komabe zimenezi sizicotsa mlandu pa munthu woyatsa moto. Mitengo ya m'nkhalango za kumapiri siili ngati msuku kapena mombo, imene imaphukanso ikapsa. Khungwa lake nlopyapyala. Moto wa mu October, udzu utauma gwa ndi mphepo ikuomba, umawaula mitengo ya m'mphepete. Caka cotsatira pamene panali mthunzi pamamera udzu, ndipo moto wina umalowa m'kati koposa. Nkhalango imacepa pang'onopang'ono, kotero kuti mlenje amene anayatsa motowo pofuna nyama imodzi saona konse cimene waononga. Tsono madzi ocokera mbali ya Zambia ya phirili amakathera mu Luangwa, ndipo amene amayamba kumva kuuma kwa akasupe ndi alimi a kunsi.

Ncifukwa cake osamalira phirili amatentha udzu msanga, mvula itangotha, ukali wauwisi pang'ono. Moto wotere umayenda mofooka nuzima wokha ndi mame a usiku. Alimi okhala m'tsinde mwa mapiri ena angathe kucita comweco pozungulira akasupe ao, atagwirizana ndi a mfumu tsiku lotentha, atalambulanso njira kuti moto usalumphire m'minda ndi m'nkhokwe.