Mafunso ndi Mayankho: Digiri Yodzisankhira Wekha Maphunziro

MUULUTSI: Makalata ambiri sabata ino achokera kwa abale athu okhala ku Britain, ndipo akufunsa za Open University, yunivesite yophunzirira kunyumba ija imene likulu lake lili ku Milton Keynes. Mlangizi wathu wa zamaphunziro ali nafe muno. Amayi, kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina ku Leicester amene amagwira ntchito usiku kunyumba yosamalirako okalamba. Akuti: "Ndamva kuti kuli digiri imene munthu amasankha yekha maphunziro. Kodi n'zoona? Nanga makirediti amene akunenawa n'chiyani?"

MLANGIZI: Zikomo achimwene. Amayi a ku Leicester, mwamva zoona. Amaitcha Open degree, ndipo ndi yakale pa sukuluyi, imene idakhazikitsidwa mu 1969 n'kulandira ophunzira oyamba mu 1971. Mutha kuphatikiza za bizinesi ndi zaumoyo, kapena masamu ndi mbiri yakale. Pa madigiri ambiri oyamba safunsanso kuti mudakhoza bwanji ku sekondale. Koma ndikupempheni, gwiritsitsani ichi: mwapatsidwa ufulu wosankha zoti muphunzire, koma kuchuluka kwa ntchito sadakuchotsereniko ngakhale pang'ono.

Kirediti ndi muyeso wa ntchitoyo. Imodzi imaimira maola pafupifupi 10 a kuwerenga, kulemba ndi kukonzekera mayeso. Digiri ya honours imafuna makirediti 360, kutanthauza maola ngati 3,600. Agawidwa m'magawo atatu: 120 pa gawo loyamba, 120 pa lachiwiri, 120 pa lachitatu. Apa mpamene ambiri amasokonekera. Amaganiza kuti bola akwanitse 360, ngakhale atatola maphunziro osavuta okhaokha a gawo loyamba. Ayi ndithu. Zili ngati kumanga nyumba: njerwa zichuluke bwanji pa maziko, popanda khoma ndi denga simungagonemo.

Phunziro lililonse, limene iwo amati mojulo, nthawi zambiri limakhala la makirediti 30 kapena 60. La 60 limafuna maola 16 mpaka 18 pa sabata kwa miyezi pafupifupi 9. Tsono taganizani, amayi. Mwaweruka m'mamawa miyendo itatupa, mwaperekeza ana kusukulu, mwagonako pang'ono, madzulo basi ikudikira. Maola 16 aja muwatenga pati? Tengani pepala lero, lembani masiku onse a sabata, muone pamene pali mpata weniweni. Mukapeza maola 8 kapena 9 okha, yambani ndi mojulo ya 30. Palibe chamanyazi pamenepo. Wotenga 60 pa chaka amatsiriza pa zaka 6, wotenga 120 pa zaka 3, ndipo sukulu imalola mpaka zaka 16. Ine zimandiwawa ndikaona munthu wanzeru atalembetsa 120 uku akugwira ntchito sabata yonse, n'kusiyira panjira atalipira kale, n'kumadziyesa mbuli pamene vuto lidali nthawi.

MUULUTSI: Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina ku Glasgow. Akuti ali ndi dipuloma imene adatenga kumudzi asadanyamuke. Kodi ayambirenso pansi?

MLANGIZI: Mwina ayi, abambo. Open University imalola kusamutsa makirediti a maphunziro apamwamba amene munthu adachita kwina, ndipo pa Open degree angafike 240. Chimene sichisunthika ndi gawo lachitatu: 120 omalizawo muyenera kuwachita kwa iwo. Amaona zinthu zitatu: kuti mudaphunzira pa sukulu yovomerezeka, kuti maphunzirowo ndi a mlingo wa yunivesite, ndiponso kuti sadapitirire zaka 16. Pepala la dipuloma lokha silikwanira. Amafuna transcript, chikalata chija chosonyeza phunziro lililonse ndi mmene mudakhozera. Lemberani ku koleji yanu msanga, chifukwa makalata oterewa amachedwa. Ku Britain kulinso bungwe la UK ENIC limene limayerekeza mapepala akunja ndi akumeneko. Ndipo pemphani kusamutsaku musadalembetse mojulo iliyonse, kuopa kulipirira zimene mudaphunzira kale.

Ndionjezepo mawu amodzi. Ngakhale atakupatsani 240 onse, dzifunseni ngati mwakonzeka kugwera pa gawo lachitatu. Ngati papita zaka zambiri musadalembepo nkhani ya masamba khumi m'Chingerezi cha kusukulu, kuli bwino kutsikako n'kuyambira pa gawo lachiwiri. Mlingo wa honours, kaya first kaya upper second, amauwerengera kuchokera pa magawo awiri apamwambawo, ndipo lachitatu ndilo lolemera kwambiri. Simukufuna kuphunzirira kulemba pamalo pamene malikisi ake akuwerengedwa chotere.

MUULUTSI: Iyi yachokera kwa mtsikana wina ku Manchester. Akuti akufuna unamwino, ndipo akuganiza zotola mamojulo a zaumoyo mu Open degree mpaka akwane 360.

MLANGIZI: Achemwali, imani kaye pomwepo. Kalata yanuyi ndiyo ndimafunitsitsa kuti aliyense aimve. Open degree siingakupatseni unamwino, ngakhale mamojulo onse atakhala a zaumoyo. Ku Britain namwino amalembetsedwa ndi bungwe la Nursing and Midwifery Council, ndipo limafuna digiri ya unamwino imene lidaivomereza, yokhala ndi maola ochuluka ogwira ntchito m'mawodi. Open University ili nayo digiri yoteroyo, koma ndi njira ina, ndipo imafuna kuti abwana anu kuntchito akhale nanu pamodzi. Chimodzimodzinso amene akufuna kudzakhala katswiri wa psychology: asankhe digiri yotchulidwa dzina limenelo, yovomerezedwa ndi British Psychological Society.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Yambirani kumapeto: ntchito imene mukuifuna imafuna pepala lanji? Funsani bungwe loyang'anira ntchitoyo, kenako musankhe njira. Open degree ndi yabwino kwambiri kwa munthu amene ali kale pantchito ndipo akungosowa digiri kuti akwezedwe, kapena amene zofuna zake zili m'nthambi ziwiri. Koma ngakhale iyeyo asamangotola paliponse. Pa satifiketi padzangolembedwa BA kapena BSc Open, ndiye wolemba ntchito adzayang'ana mndandanda wa mamojulo. Aone kuti mukulowera kwinakwake. Komanso mamojulo ambiri a gawo lachitatu amayembekezera kuti mudachita ofanana nawo pa gawo lachiwiri. Makamaka masamu ndi sayansi sizilola kudumphira pamwamba. Ndipo ngati mtima uli pobwerera kumudzi, dziwani kuti ku Malawi mapepala akunja amaunikidwa ndi National Council for Higher Education, choncho sungani transcript yanu bwino.

MUULUTSI: Bambo wina ku Johannesburg akufunsa ngati yunivesite ya kumeneko ya Unisa ndi chimodzimodzi.

MLANGIZI: Zikufanana pang'ono. Nakonso digiri ya zaka 3 ndi makirediti 360, kirediti imodzi maola 10. Koma mamojulo awo ndi ang'onoang'ono, ambiri a makirediti 12, ndipo digiri iliyonse ili ndi maphunziro ake oikidwiratu. Honours kumeneko ndi digiri ina yapadera, yochita mutatsiriza yoyambayo. Mapepala akunja amayamba adutsa ku bungwe la SAQA.

MUULUTSI: Nthawi yatithera, koma tisasiye iyi. Mayi wina ku Leeds akuti adakwanitsa makirediti 180, kenako kudagwa maliro kumudzi, ndalama zonse zidapita kumeneko, ndipo adasiya. Akufunsa ngati zonse zidalowa m'madzi.

MLANGIZI: Pepani ndi zovutazo, amayi. Sizidalowe m'madzi. Mojulo iliyonse imene mudakhoza idalembedwa m'mabuku awo. Ndi 120 a gawo loyamba munthu atha kulandira Certificate of Higher Education, ndipo akafika 240 ndi Diploma of Higher Education. Inu mwatsala ndi 60 okha kuti mufike pa dipulomayo: chaka chimodzi, mojulo imodzi. Palinso digiri yopanda honours ya makirediti 300, ngati 360 akuoneka kutalika. Malipiro amalipira mojulo ndi mojulo, ndipo amasiyana pakati pa England, Scotland, Wales ndi Northern Ireland. Ngongole ya boma imadalira mtundu wa chilolezo chanu chokhalira m'dzikomo, ndiye funsani musadalembetse. Imbani lamya ku sukuluko sabata ino, muwapatse nambala yanu ya wophunzira, akuuzeni zaka zimene zatsala pa 16 zija. Mamojulo ambiri amayamba mu Okutobala, ena mu Febuluwale, ndipo kalembera amatsekedwa masabata angapo tsikulo lisadafike.

MUULUTSI: Omvera, pitirizani kutilembera. Makalata otsalawa tidzawawerenga sabata yamawa nthawi ngati yomweyi.