Malangizo: Madzi Akabwera, Tiyambe ndi Ndani?



Mu Januwale 2015, Ntcheu inali pakati pa maboma 15 omwe boma linalengeza kuti agweredwa ngozi ya madzi osefukira. Madzi ochokera kumapiri amatsika mofulumira, nthawi zina usiku. Wamiyendo amathawa. Nanga agogo okhala okha, mayi woyembekezera, munthu wolumala, ana amasiye olerana okhaokha?

Mafumu ndi makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'midzi, lembani mayina a anthu amenewa mvula isanalimbe. Aliyense akhale ndi mnansi womudziwa dzina, yemwe adzamugogodera ndi kumunyamula. Kunena kuti "tonse tidzathandiza" n'kusiya munthu m'madzi. Munthu wosamva sangamve likhweru kapena wailesi, mupitireni pakhomo.

Mankhwala a ma ARV, a shuga ndi a khunyu, buku la kuchipatala ndi chiphaso cha unzika, mangani m'pulasitiki lero lomwe.

Kusukulu kapena kutchalitchi kothawirako, amayi ndi atsikana agone paokha, ndipo madzi akumwa athiridwe klorini. Ufa ukabwera kuchokera ku nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA kapena Red Cross, okalamba ndi odwala alandire poyamba. Thandizoli n'laulere. Wina akapempha ndalama kapena thupi la mwana wanu, kaneneni kupolisi kapena imbani 116.

Chonde, kaoneni agogo oyandikana nanu dzuwa lisanalowe lero.